Mutu wa ba Wilbroad

Mukafika ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, n'kufunsa za Dyness wa salaula, anthu adzakulozerani geti lobiriwira kuseri kwa chigayo, koma adzayamba akuyang'anani kaye kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Musawadabwe. Munthu womaliza kufunsafunsa nyumba ya mayi ameneyu anabwera pa njinga yamoto atanyamula bokosi, ndipo tsiku limenelo Dyness anangotsala pang'ono kuotchedwa wamoyo.

Dyness anabadwira momwemo m'komboni. Agogo ake aamuna anachokera ku Ntcheu kalekale kudzaphwanya miyala ku Lusaka, ndipo sanabwererenso. Za ku Malawi iye amangodziwa dzina la mudzi ndi nyimbo ziwiri za kutchalitchi zimene amayi ake ankaimba pochapa. Sukulu anaisiyira mu giredi naini. Anakwatiwa, mwamuna anapita ku migodi kukafuna ntchito, ntchito anaipeza, mkazi winanso anamupeza, nkhani ya banja n'kuthera pomwepo. Mwana wake mmodzi yekhayo ali pabanja ku Kabwe. Pamene izi zinkachitika, Dyness anali atakhala zaka khumi ndi chimodzi m'kachipinda ka lendi pabwalo la ba Wilbroad ndi akazi awo ba Elesi.

Ba Wilbroad anali mmisiri womanga nyumba. Zipinda zonse za pabwalopo anaziimika okha, buloko ndi buloko, ndipo atapuma ntchito ankangokhala pakhonde ndi ndevu zawo zoyera, kunyoza khoma lililonse lokhota limene maso awo agwerapo. Ba Elesi anali mayi wa mawu ochepa, wokonda tsache ndi tchalitchi. Ankamutchula Dyness kuti mwana wanga, ndipo akadwala malungo ndi iwo amene ankamufunditsa. Munthu wopanda m'bale pafupi akapeza bwalo lotere amaligwira ndi manja awiri.

Ntchito yake inali salaula, katundu wakale wochokera kunja amene ku Malawi amati kaunjika. Anzake ankalimbirana mabelo a madiresi ndi nsapato. Iye, pochepa mphamvu, ankatenga belo la zidole, chifukwa ndi lotsika mtengo ndipo theka lake limakhala zothyoka. Pansi pa belo lililonse pankatsala zinyenyeswa: timabuloko ta pulasitiki tolumikizana, ndi tianthu tating'ono tosaposa chala, timene mutu umazuka, miyendo imazuka, n'kubwezeretsekanso. Zimenezi Dyness ankangopatsa ana a makasitomala ngati mbasela, zotsala n'kusesera kudzala.

Amene anamutsegula maso ndi msuweni wake Chrissie wa ku komboni ya Ng'ombe, yemwe amagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu olemera. Tsiku lina anamupeza akusesa tinthuto ndipo anagwira tsache.

"Iwe Dyness, uli na mutu bwino? Ivi vamene utaya, bwana wanga amavisunga mu kabati ya galasi. Mudala wa imvi, na chimimba so. Ukagwirako chabe pofuna kupukuta, nchito yasila."

Dyness anaseka mpaka misozi. Koma Loweruka lotsatira mudala wa imvi uja anafika ndithu pamsika, nanyonyomala pafumbi ndi thalauza lake losita, kutolatola m'zinyenyeswa ngati nkhuku. Ndi iyeyo amene anamuonetsa pa foni malo a pa intaneti kumene anthu akuluakulu a kutsidya kwa nyanja, ena madokotala ndithu, amalimbirana tianthu timeneti. Anati mitundu ina inasiya kupangidwa zaka zambiri zapitazo, ndiye takale timene azungu anataya okha m'mabelo ndi timene akutifunanso. Dziko ili ndi lodabwitsa, abale. Munthu ataye chinthu, chiwoloke nyanja, kenako achilirire kuti chibwerere.

Kujambula ndi kugulitsa Dyness anaphunzira m'mwezi umodzi. Chimene chinamuvuta ndi ulendo wa katunduyo. Akatumiza pa njira yotsika mtengo, phukusi linkayenda miyezi, wogula n'kulemba poyera kuti mayi wa ku Lusaka ndi wabodza. Kampani yotumiza katundu pa ndege, imene ili ndi ofesi m'tauni, inkafikitsa m'masabata awiri, koma mtengo wake unali womwewo kaya mwatumiza kamunthu kamodzi kaya dzanja lodzaza, ndipo unkaposa mtengo wa kamunthuko. Ofuna kamodzi onse anathawa. Anatsala ndi ogula tianthu tambiri nthawi imodzi, ndipo amenewo anali ndi malamulo awo. Kamunthu kalikonse kalowe m'kathumba kakekake, mutu wozula, miyendo yozula, chifukwa m'nyumba zosungira katundu mumatentha, ndipo mutu ukasiyidwa pathupi khosi limang'aluka. Kamunthu kong'aluka khosi palibe amakafuna.

Ntchito yonseyi ankaichita atatseka chitseko. Ankatsuka tinthuto ndi mswachi wakale, n'kutiyanika pa chitenje pansi pa bedi. Anali ndi zifukwa ziwiri. Choyamba, anzake a pamsika akanadziwa, belo la zidole sakanalionanso. Chachiwiri anachidziwa chibadwire: m'komboni munthu wodya bwino koma osaoneka thukuta lake amamunena, ndipo sanena zabwino. Kamodzi kokha ba Wilbroad anatola timabuloko tiwiri timene tinagwera pakhomo pake. Anatipanikiza, tinagwirana, anayesa kutigwedeza, osagwedezeka.

"Wamene anapanga ivi aziba nchito," anatero akugwedeza mutu. "Osati aba ba manje bomanga vipupa monga njoka."

Dyness anangoseka n'kulandira timabuloko take mwachangu.

Tsopano imvani kulakwa kwake, pakuti ndi kulakwa kumene munthu wa mtima woipa sakanachita. Kamunthu kalikonse kali ndi dzina lake pa intaneti, mayina opota lilime osakanikirana ndi manambala. Dyness sankawagwira. Kuti asasokoneze, anayamba kutipatsa mayina a anthu amene tafanana nawo, n'kulemba pa kapepala komata pa kathumbako. Ka ndevu zoyera ndi chipewa kanakhala ba Wilbroad. Ka tsitsi lomanga kumbuyo kanakhala ba Elesi. Kena kotsegula pakamwa ngati kakukalipa kanakhala Mukupa, mayi wa chipinda chachitatu amene amagulitsa makala, nkhani za eni ake n'kumapereka zaulere. Ka tsitsi lonyezimira kanakhala Obed wometa pakona. Pang'ono ndi pang'ono mzere wonse wa kuseri kwa chigayo unalowa pansi pa bedi lake. Nthawi zina ankacheza nato akamatsuka, monga amachitira anthu okhala okha. Asanatumize ankachotsa timapepala tonse, ndipo anali asanaiwalepo.

Anaiwala kamodzi. Munali mu Julaye, kampani ija itasintha nthawi mwadzidzidzi: katundu wakunja ankalandiridwa mpaka masana a Lachinayi, ukachedwa udikire sabata ina. Wogula wake anali atatumiza kale mauthenga atatu osonyeza kutopa, makamaka pofuna ka ndevu zoyera kaja, kamene anati n'kosowa kwambiri. Dyness anathira timatumba makumi anayi m'bokosi, anathamanga, anapeza akutseka, anachonderera, analandiridwa. Anakumbukira timapepala tija ali m'minibasi pobwerera. Anadzitonthoza kuti mzungu wa kutsidya sadziwa Wilbroad, sadziwa Mukupa, adzangomatula n'kutaya.

Patapita masabata awiri ba Wilbroad anagwa pakhonde. Achipatala anati ndi sitiroko, mtsempha wa m'mutu. Anabwerako dzanja lamanja ndi mwendo zitafa, pakamwa patakhotera mbali imodzi, mawu atatsala owerengeka. Dyness ndiye anathamangira takisi tsiku limenelo, ndiyenso ankathandiza ba Elesi kuwanyamula kupita nawo padzuwa. Koma pampopi anthu anali atayamba kale kunong'ona. Munthu wamphamvu chonchija angagwe bwanji ngati thumba? Pali dzanja la munthu pamenepa, ankatero, ndipo Mukupa ankavomera mokweza kuposa onse.

Kumapeto kwa Ogasiti foni ya Dyness inalira. Dziko la wogula uja linali litayamba kulipiritsa msonkho pa timaphukusi tating'ono, wogulayo anakana kulipira, ndipo bokosi linali paulendo wobwerera kwa mwini wake. Anawerenga uthengawo ali chiimire pamsika. M'mawa mwake anali woyamba pakhomo la ofesi.

"Nipempako, ikafika musaipeleke kunyumba. Nizabwela neka kuitenga."

Mtsikana wa pa kauntala sanakweze n'komwe maso. "Mami, ya kubwelela imayenda pa adilesi yamene munalemba. Ine siningachinje. Bazamutumilani foni."

Adilesi yake! M'komboni mulibe nambala ya msewu imene mlendo angaitsate. Pa fomu Dyness analemba monga aliyense amalembera: Chawama, kuseri kwa chigayo, geti lobiriwira, funsani Dyness wa salaula. Analemba yekha, ndi dzanja lake, kuti munthu adzayende khomo ndi khomo akutchula dzina lake.

Masabata asanu ndi awiri otsatira anali a mantha okhaokha. Foni sankaisiya ngakhale popita kosamba. Njinga yamoto ikalira pa mzere wawo ankataya chimene wagwira. Anasiya kudya bwino, mpaka ba Elesi anamufunsa ngati akudwala. Kuti awauze zoona, ankafuna ndithu, koma akanayamba bwanji? Ankati atsegule pakamwa, maso ake n'kugwera pa ba Wilbroad ali pampando, malovu akuyenderera pa ndevu, mawu n'kubwerera m'mimba. Ndipo anali ndi chimene anachiona ndi maso ake. Zaka zingapo m'mbuyomo, mphekesera zitadzaza m'makomboni, anaona gulu likukoka bambo wina amene palibe ankamudziwa. Sanafunsidwe dzina. Anamuveka tayala n'kuliyatsa. Fungo lake Dyness analinyamula m'mphuno mwezi wathunthu, ndipo tsopano linabwereranso.

Bokosi linafika Lachiwiri lina mu Okutobala, magetsi atazima kuyambira dzulo lake. Foni ya Dyness inali itafa m'mawa. Wa njinga uja anaimba, anaimbanso, kenako anachita monga pepala linamuuzira. Anafunsa pachigayo, anafunsa kwa Obed, anafunsa pampopi, ndipo pofika pa geti lobiriwira anali ndi anthu omuperekeza. Anasiya bokosi kwa mwini bwalo n'kumapita. Bokosilo linali litatsegulidwa ndi oyendera katundu pa malire, n'kumatidwanso mwaulesi. Mukupa, amene sasowa pamene pali katundu wa mnzake, anadzipereka kulinyamula, ndipo pansi pake panatseguka.

Dyness anali pamsika, sakudziwa kanthu. Anangoona mayi wina wa pa mzere wawo akumudutsa osamupatsa moni. Wachiwiri anakoka mwana wake kumuchotsa pafupi ndi tebulo. Kenako mnzake wogulitsa nsapato anabwera, osamuyang'ana kumaso.

"Bakufuna kunyumba. Ati ubwele manje manje."

Anadziwa pomwepo. Akanatha kukwera basi ya ku Kabwe mmene analili, ndipo maganizo amenewo anamufikira. Koma wothawa ndiye kuti wavomera, ndipo kachipinda kaja ndi kokhako kamene anali nako pa dziko lapansi. Anayenda. Njira ya mphindi khumi inatalika ngati ya tsiku lonse. Atakhota pachigayo anaona anthu atadzaza kuyambira pa geti mpaka pa ngalande, ndipo atamuona onse anamupatukira.

Pakhonde panali patayalidwa mphasa. Pamphasapo timatumba tonse tinali titandandalikidwa m'mizere, mapepala a mayina akuyang'ana kumwamba. Mukupa anaima pambali atanyamula kake m'mwamba kuti a kumbuyo aone.

"Uyu ndine! Belengani mweka, Mukupa. Mutu pa weka, mendo pa yeka. Anidula mutu uyu mukazi, na ine nimamupasa moni siku na siku!"

Obed wometa anali atagwira chivundikiro cha bokosi, akuwerenga tsiku limene linatumizidwa. Anawerengetsa pa zala, nanena motsitsa kuti panangopita masabata awiri ba Wilbroad n'kugwa. Mawu otsitsawo anayenda m'gulumo mpaka ku ngalande.

Ba Elesi anali atakhala pa sitepe, kathumba kamodzi kali pa chikhatho. Kanali kong'ambika pambali, mmene oyendera katundu anakachekera.

"Iwe Dyness."

Zaka khumi ndi chimodzi anali asanamvepo dzina lake likutuluka louma chonchi pakamwa pamenepo. Anagwada pa simenti yotentha.

"Aba ni bamuna banga. Zina yao ili apa, walemba ndiwe. Thupi naiona. Mendo nayaona. Mutu uli kuti?"

Dyness anayang'ana. M'kathumbamo munali thupi, miyendo ndi chipewa. Kamutu ka ndevu zoyera kanali katagwera kwinakwake pakati pa Chawama ndi kutsidya kwa nyanja, pa tebulo la munthu amene sadzamudziwa mpaka kufa.

"Amai, ni vidoli chabe," anatero, mawu akutuluka ngati a mwana. "Vosewelesa bana. Vimabwela mu mabelo, nimagulisa ku bazungu. Mazina nenze kulemba chabe kuti nisaibale."

"Mwamvela?" anakuwa Mukupa. "Avomela yeka! Atigulisa ku bazungu!"

Dyness anatulutsa foni kuti awaonetse, foni ili bii. Anaidina, anaigwedeza, osayaka. Mwala woyamba unagwa padenga la malata. Wina kumbuyo anakuwa kuti mfwiti, wina anati wa satana, ndipo mawuwo anagwirana ngati moto wa udzu. Kenako anamva phokoso limene ankaliopa masabata onsewo, lofewa, la tayala likugubuduzidwa pa timiyala. Sanacheuke. Anazindikira kuti akupemphera ndi mawu a nyimbo ya amayi ake ija, osadziwa kuti wayamba liti.

Ba Elesi anakweza dzanja, phokoso linatsika pang'ono. Nkhope yawo inalibe ukali. Inali ndi mantha, mantha a mkazi amene wagona miyezi iwiri akumvetsera mpweya wa mwamuna wake.

"Bweza mutu wa bamuna banga. Ndiye chamene nifuna. Bweza."

Pansi pa bedi la Dyness panali chitini cha mkaka wa ufa chodzaza timitu totsala, tosonkhanitsa zaka ziwiri. Kuchitulutsa kunali kudzimangirira yekha chingwe. Kusachitulutsa kunali kunena kuti mutuwo anautumizadi kumene sukabwerako. Anaimirira, nalowa m'chipinda Mukupa ali pamsana pake, natuluka chitini chili m'manja. Pokanganula chivundikiro, chitini chinapendeka. Timitu mazanamazana tachikasu tinakhuthukira pamphasa, tina n'kugubuduzika kutsika sitepe mpaka kumapazi a anthu, tonse tikumwetulira.

Gulu linabwerera m'mbuyo ndi mfuu. Amayi ena anathawira kunja kwa geti, wina anayamba kupemphera m'malilime. Dyness anagwada pakati pa timitu take akufufuza ndi zala khumi, thukuta likulowa m'maso. Ndevu zakuda zinalipo, zofiira zinalipo. Zoyera ankadziwa bwino kuti palibe. Pa zaka ziwiri anapeza kamodzi kokha, n'chifukwa chake mzungu uja ankakafuna. Ankangofufuza chifukwa akasiya kufufuza chotsatira chinali tayala.

Pamenepo panamveka ndodo ikugogoda simenti. Go, go, go.

Onse anali ataiwala kuti ba Wilbroad alipo. Ndi mmene timachitira ndi odwala, timawakambirana pamaso pawo ngati mipando. Anali pampando wawo pakona pa khonde chiyambire, ndipo tsopano ankakodola ndi dzanja lamanzere, diso lili pa timitu. Ba Elesi anafuna kuwaletsa, ndodo inagogodanso mwaukali. Dyness anawola timitu todzaza manja awiri, nathira m'mbale, nayenda chogwada mpaka pa mawondo a mkuluyo.

Ba Wilbroad anavundula m'mbalemo ndi chala chimodzi, osafulumira, monga ankasankhira misomali. Anatola kena, anakayang'ana, anakabweza. Kunkangomveka kulira kwa timitu m'mbale. Pomaliza anatola kamodzi n'kukasunga. Kanalibe ndevu. Kanali ndi pakamwa pokhotera mbali imodzi ndi nsidze imodzi yokwera.

Analoza kathumba kali m'manja mwa akazi awo. Ba Elesi anazengereza, kenako anapereka. Ndi dzanja limodzi sakanatha, choncho Dyness analumikiza miyendo, nagwira kathupiko molimba, mkuluyo n'kukanikiza kamutu ndi chala chachikulu cha mmisiri mpaka kanalowa. Anaikapo chipewa. Kenako anakanyamula n'kukaika pafupi ndi tsaya lawo, kuti aliyense aone milomo iwiri yokhota ili pamodzi.

"Ndine... uyu," anatero.

Chifuwa chawo chinayamba kugwedezeka. Ba Elesi anadzidzimuka poganiza kuti matenda abweranso, koma kunali kuseka, kuseka kwa mbali imodzi, koyamba chigwereni. Obed ndiye anayamba kuwatsatira, mwamanyazi, akuyang'ana pansi. Ena awiri atatu anaseka nawo. Mkuluyo anapukuta diso, naloza geti ndi ndodo, nakoka mpweya kufuna mawu ena.

"Chi... doli. Chokani."

Gulu la anthu likaseka kamodzi limavutika kuyambiranso ukali. A kumbuyo anayamba kusuntha, aliyense akudzionetsa ngati ankangodutsa. Koma amene mayina awo anali pamphasa sanachoke chimanjamanja. Mukupa anayamba: anamuuza Dyness kuti abweze mutu wake pathupi, iyeyo ndi manja ake, anthu akuona. Atabweza anakalanda n'kukamangirira pa nsonga ya chitenje. Obed, yemwe uja ankaseka, anachita chimodzimodzi, akuti kungosamala chabe. Enawo anaima pamzere, mmodzimmodzi, Dyness ali chigwadire akubweza mitu, zala zikuterera ndi thukuta, mpaka mphasa inayera. Palibe amene anapepesa.

Ba Elesi sanaseke nawo. Anatenga kamunthu ka amuna awo ndi kawo komwe, nakaika m'kabati pafupi ndi makapu a ukwati, nakhoma, kiyi n'kuika pachifuwa. Atatuluka anapeza Dyness akutola timitu totsala m'fumbi.

"Bamuna banga bakamba ati ni chidoli," anatero. "Ine siniziba. Sinizakupisha pano, nkhala. Koma upempele kuti bankhale na moyo. Siku yamene bazagona osaukanso, aba bantu bazakumbuka vamene baona lelo, na ine sinizaimilila pa geti."

Sanamuopseze, anangomuuza zoona, ndipo Dyness anadziwa kuti n'zoona.

Papita chaka tsopano. Belo la zidole anasiya, anabwerera ku masiketi ndi mabulauzi, ndipo foni yake ndi yoimbira mwana wake basi. Chrissie anamuuza kuti asamuke, koma kusamuka mkulu uja akudwala chonchi n'kuwauza anthu kuti ankanena zoona, ndipo mbiri yotere imafika ku komboni ina iwe usanatsitse katundu. Moni pampopi amamupatsa, ena mpaka amagula kwa iye. Ba Elesi amamuitana ba Dyness, mwaulemu wonse, ndipo mawu akuti mwana wanga sanabwererenso. Tayala lija palibe analichotsa. Lili pambali pa geti, mwamera udzu, nkhuku zimakwerapo.

Mu Chawama monse mulibe munthu wosamala moyo wa ba Wilbroad ngati Dyness. Amadziwa tsiku lawo la kuchipatala kuposa akazi awo. Amakumbutsa za mapiritsi, amakangana nawo za mchere, kukazizira amabwera ndi jekete yabwino koposa ya m'belo. Mkuluyo amamuseka ndi pakamwa pake pokhota, ndipo iye amawakonda ndithu, chikondi chenicheni, koma sangathenso kusiyanitsa pamene chikondicho chathera ndi pamene mantha ayambira. Ba Wilbroad ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi.

Chipinda chake chinagundana ndi chawo, khoma lake ndi la buloko imodzi, lowongoka bwino. M'mawa uliwonse, asanatsegule chitseko, Dyness amaima pakhomapo n'kutsamiritsa khutu, kudikira kuti mkuluyo atsokomole monga amachitira akadzuka. Akamva chifuwa ndiye amatenga tsache n'kutuluka. Lachisanu lapitali chifuwacho chinachedwa. Dzuwa linatuluka, chigayo chinalira, kuseri kwa khoma kuli zii. Pamene ba Wilbroad anadzatsokomola, Dyness anali atavala kale nsapato, chikwama chili m'manja, akuyang'ana zenera lakumbuyo ngati munthu angakwanemo.